NKHANI ZIMENE MAKOBIRI AKALE AMASUNGA

Loŵeruka lina masana, dzinja litangotha, ndidaitanidwa kukakhala nao pa kamsonkhano kachilendo. Padalibe wapampando, padalibe mlembi, ndiponso padalibe msungichuma, ngakhale kuti nkhani yonse ya tsikulo idali ya ndalama. Anthu asanu adakhala mozungulira tebulo pakhonde la mphunzitsi wina wopuma pantchito. Patebulopo adayala nsalu yoyera, ndipo aliyense adatulutsa timaenvulopu kapena kachitini, nayamba kundanda pansalupo ndalama zachitsulo zakale, zina zofiirira, zina zoyererako, zina zakuda bii chifukwa cha kukhalitsa.

Anthu ameneŵa amakumana kamodzi pamwezi, ndipo lamulo lao ndi limodzi lokha: aliyense abwere ndi chimene wachipeza chatsopano, achionetse kwa anzake, ndipo anene kumene chachokera. Chimene iwo amachitcha chatsopano, enafe tikadachitcha chakale chotha ntchito, pakuti palibe wamalonda pamsika amene angakupatseni ngakhale phwetekere mmodzi mutamtambasulira ndalama zoterozo. Tsikulo padali mwini nyumba, aphunzitsi aja. Mai wina amene adakalambira pa ntchito ya ku positi ofesi. Mkulu wina waimvi amene paunyamata wake adagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Mmisiri wa matabwa. Ndiponso mnyamata wa ku sekondale amene adabwera kwa nthaŵi yoyamba, atanyamula kachitini ka malemu agogo ake aakazi.

Ndivomere kuti ndidapita ndi mtima wopeputsa. Ndinkati anthu akuluakulu otere asoŵa chochita. Koma pamene dzuŵa linkapendeka, ndidaona kuti patebulo paja padagona mbiri ya dziko lathu, ndipo ndidaonanso chinthu china chimene chatayika, chimene palibe angachibweze. Aŵerengi okondedwa, ndikufuna kukufotokozerani zimene ndidaona ndi kumva, popeza ndikhulupirira kuti m'nyumba zambiri muli kachitini konga komweko, kamene kakudikira munthu woti akatsekule nthaŵi isanathe.

Kobiri la padenga

Woyamba kuonetsa adali mmisiri uja. Iye adati masabata apitawo ankasasula denga la sitolo ina yakale kuti akhomepo malata atsopano, ndipo pozula misomali adaona kuti pansi pa mutu wa msomali uliwonse padali kachitsulo kozungulira kobooka pakati. Atapukuta fumbi, adapeza kuti sizidali zitsulo wamba ai, koma makobiri. Amene adakhoma dengalo adaona kuti kobiri lobooka limatseka bwino mvula pabowo la msomali. Ambiri adali atadyeka, koma aŵiri ankaŵerengeka bwinobwino: lina la 1957, lina la 1962.

Kobiri limeneli akulu onse akulidziŵa. Mbali imodzi kuli njovu ziŵiri zoimirira ndi miyendo yam'mbuyo, bowo lili pakati pao, chisoti chaufumu chili pamwamba, ndipo m'mphepete mwalembedwa dzina la Mfumukazi Elizabeth Wachiŵiri. Mbali inayo kwalembedwa dzina la dziko: Rhodesia and Nyasaland. Imeneyi ndi ndalama ya Chitaganya, chimene chidaphatikiza maiko atatu, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, kuyambira 1953 mpaka kumapeto kwa 1963. Ndalama zake zachitsulo zidayamba kutuluka mu 1955. Aphunzitsi adatikumbutsa kuti kobiri la 1957 lija lidali kale m'manja mwa anthu pa 3 March 1959, tsiku limene Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi atsogoleri ena ambiri adamangidwa chifukwa chokana Chitaganya, tsiku lomwe lija timakumbukira anthu ofera dziko lino. Chitaganya chidatha, koma kobiri lake lidatsala likutchinga mvula padenga la sitolo.

Pofuna kuti mnyamata uja aone banja lonse la ndalama za Chitaganya, aphunzitsi adatulutsa zao nazindanda mumzere. Theka la kobiri, lobookanso, lili ndi akadyansonga aŵiri. Tiki ili ndi duŵa lakuthengo. Sheleni ili ndi mphalapala, ya masheleni aŵiri ili ndi nkhwazi itagwira nsomba, ndipo yaikulu pa zonse, ya masheleni aŵiri ndi sikisi, ili ndi chizindikiro cha boma la Chitaganya. Koma atafika pa sikisi, mtsutso udabuka. Pa ndalama imeneyi pali chilombo choimirira pathanthwe. Amai a ku positi aja adati ndi mkango waukazi. Aphunzitsi adapukusa mutu, nati tiyambe tafunsa chifukwa chimene nyamazi adaziikirapo. Nkhwazi idali chizindikiro cha Northern Rhodesia, ndipo mpaka lero ili pa mbendera ya Zambia. Mphalapala idali ya Southern Rhodesia. Nanga Nyasaland? Chizindikiro chake chidali kambuku woimirira pathanthwe, dzuŵa likutuluka pamwamba pake. Tsono ngati maiko aŵiriwo adapatsidwa lililonse ndalama yake, chilombo cha pa sikisi chingakhalenso chiyani, koma kambuku wathu yemwe uja? Amai aja adaseka nati, "Mwandigonjetsa lero, aphunzitsi, komatu maŵanga akewo ine sindikuŵaona." Onse adaseka, ndipo galasi lokulitsa zinthu lidayenda dzanja ndi dzanja. Umu ndimo m'mene anthu aŵa amaphunzirira. Ndalama saiyang'ana mothamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maina amene akuiŵalika

Mnyamata uja, amene nthaŵi yonseyi adangoti phee, adatembenukira kwa mkulu wa ku Joni nafunsa kuti, "Agogo, kodi tiki ndi sikisi ndi ndalama zingati?" Funso limeneli lidandilasa mtima, poona kuti maina amene ife tidakula nao asanduka chilankhulo chachilendo kwa ana athu. Mkuluyo adaŵerenga ndi zala: makobiri 3 ndi tiki, makobiri 6 ndi sikisi, makobiri 12 ndi sheleni, masheleni 20 ndi paundi. Ndiye kuti m'paundi imodzi mudali makobiri 240. Aphunzitsi adaonjeza kuti masamu a mapaundi, masheleni ndi makobiri ndiwo ankaliza ana ambiri ku pulaimale, chifukwa mwana ankayenera kukumbukira kuti mzere wa makobiri umadzaza pa 12, pamene wa masheleni umadzaza pa 20.

Maina enieniwo ali ndi mbiri yao. Liu lakuti kobiri, limene ena amati khobidi, lidachokera ku liu la Chipwitikizi lotanthauza mkuŵa. Lupiya ndi dzina la ndalama ya ku India, imene idayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, pamene amalonda ndi asilikali Achimwenye adafika. Tiki ndi liu limene lidali pakamwa pa anthu kuyambira ku Cape Town mpaka kwathu kuno. Ndalama idaloŵa m'dziko lathu kudzera m'makomo ambiri, ndipo khomo lililonse lidasiya liu lake m'Chicheŵa.

Makolo athu asanaione ndalama yachitsulo, malonda adalipo ndithu. Ankasinthanitsa makasu, mchere, nsalu, mikanda, mkuŵa ndi minyanga. Pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene padali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, adapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, zinthu zamkuŵa ndiponso mapale a mbale za ku China. Ngakhale amishoni ndi makampani oyamba atafika, antchito ankalipidwa nsalu yoyeza m'mikwamba. Chimene chidaumiriza munthu wa kumudzi kufunafuna sheleni ndi msonkho. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, boma la Harry Johnston lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene udadzakhala masheleni atatu pachaka. Masheleni atatuwo adachotsa amuna ambiri pamudzi, ena kunka ku minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena ku Halale, ena mpaka ku Joni. Pobwerera kwao, m'matumba mwao munkatsalira timakobiri ta maiko amene adapitako, ndipo tina mwa ito tikali m'nyumba zathu mpaka lero.

Kachitini ka agogo

Tsono idafika nthaŵi ya mnyamata uja. Adatsekula kachitini kake nakhuthulira ndalama zonse pansalu. Zambiri zidali matambala a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, koma pakati pake padali zinai zimene zidachititsa akulu aja kusendeza mipando.

Yoyamba adaitola mkulu wa ku Joni. Lidali kobiri lalikulu la ku South Africa, lokhala ndi chombo cha mathanga. Sadafune ndi galasi lomwe. Adati iye adafika ku migodi ndalama zitangosinthidwa, pakuti rand idaloŵa mu 1961, koma makobiri a chombo ankapezekabe m'masutikesi a anthu amene adatsogolako ndi Wenela. Adakhala kanthaŵi ali duu, akulitembenuza m'manja, kenaka adayamba kutchula maina a anzake amene ankatsika nao pansi, ena mwa iwo amene sadabwererenso kwao.

Yachiŵiri idali sheleni ya Southern Rhodesia ya 1937, yokhala ndi nkhope ya Mfumu George Wachisanu ndi Chimodzi, ndipo kuseri kwake mbalame yamwala ya ku Great Zimbabwe. Ndalama za ku Southern Rhodesia ndizo zinkayenda kwathu kuno Chitaganya chisanabwere, pamodzi ndi za ku Britain. Amai a ku positi adaisanjika pansonga ya chala naigogoda pang'ono ndi pensulo. Idalira mosalala kwa kanthaŵi ndithu. Atachita chimodzimodzi ndi sheleni ya Chitaganya, kulira kwake kudali kwakufupi. Adafotokoza kuti ya 1937 ndi ya siliva, koma kuyambira 1947 masheleni a ku Southern Rhodesia ndi a ku Britain omwe adayamba kusulidwa ndi mkuŵa wosakaniza ndi chitsulo china choyera, chifukwa nkhondo itatha Britain idali ndi ngongole ya siliva yoti ibweze ku America.

Yachitatu idali ya ku Mozambique ya nthaŵi ya Apwitikizi, pamene anthu kumeneko ankaŵerenga ndalama m'maescudo, metical isanaloŵe mu 1980. Imeneyi sidadabwitse anthu kwambiri, chifukwa m'maboma a m'malire monga Dedza ndi Ntcheu anthu a mbali ziŵirizi akhala akugulitsana zinthu, kukwatirana ndi kuthaŵirana pa nthaŵi ya mavuto.

Koma yachinai idaimiritsa aphunzitsi pampando. Idali yobooka ngati kobiri la Chitaganya, koma yokulirapo, ya masenti 10 a East Africa, yokhala ndi minyanga ya njovu, ya chaka cha 1936. M'mphepete mwake mudali dzina la Mfumu Edward Wachisanu ndi Chitatu. Mfumu imeneyi idaloŵa ufumu mu January 1936 ndipo idautula mu December chaka chomwecho, isanavekedwe ndi chisoti chomwe, chifukwa idafuna kukwatira Wallis Simpson. Ku Britain kwenikweniko ndalama zake sizidafike m'manja mwa anthu. Koma ndalama zobooka za ku East Africa sizinkafuna nkhope, zinkangofuna dzina, motero zidasulidwa msanga n'kutumizidwa. Aphunzitsi adati akhala akuifunafuna zaka zambiri.

Nanga ndalama ya ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika idafika bwanji m'kachitini ka mai wa kumudzi m'chigawo chapakati? Akulu aja adayamba kuponya maganizo. Mwina adabwera nayo msilikali, popeza asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adadzera ku Kenya pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, pomka ku Abyssinia ndi ku Burma. Mwinanso adabwera nayo munthu amene adakagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku Lupa, ku Tanganyika, kumene anthu akwathu ankapita m'zaka za m'ma 1930. Mkulu wa ku Joni adafunsa kuti, "Mdzukulu wanga, kodi kwanu alipo amene adapita kunkhondo, kapena amene adakhalako ku Tanganyika?"

Mnyamatayo adaŵerama. Adati agogo ake adamwalira chaka chapitacho. Kaŵirikaŵiri ankaŵaona madzulo akutsekula kachitinika, akuyala ndalamazo pamphasa, ndipo tsiku lina adamuitana kuti adzaone, koma iye ankathamangira kumpira. Maliro atatha adafunsa amai ake ndi amalume ake, koma padalibe amene adadziŵa kanthu. Pakhonde padati zii. Pambuyo pake aphunzitsi adanena mofatsa kuti chaka, dziko, mfumu ndi chitsulo, zonsezi mabuku adzatiuza ngakhale patapita zaka 100. Koma dzina la munthu amene adainyamula ndalamayo mtunda wonsewo mpaka kuifikitsa pamudzi ankalidziŵa ndi agogo okha, ndipo apita nalo.

Njovu zimene zayenda nafe

Pofuna kumtonthoza mnyamatayo, amai a ku positi adatulutsa chao chatsopano: ndalama ya masheleni aŵiri ya 1964, yoŵala ngati yasulidwa dzulo, imene adaipeza kwa msuweni wao posinthana ndi zina zimene iwo adali nazo ziŵiriziŵiri. Iyi ndi imodzi mwa ndalama zinai zoyamba kulembedwa dzina lakuti Malaŵi, zokhala ndi chaka cha ufulu wathu. Sikisi idali ndi tambala, sheleni idali ndi mtolo wa chimanga, ya masheleni aŵiri idali ndi njovu ndi mwana wake, ndipo ya masheleni aŵiri ndi sikisi idali ndi chizindikiro cha dziko. Zonse zinai zidali ndi nkhope ya Dr. Banda, imene adaijambula mmisiri wobadwira ku Hungary, Paul Vincze. Mu 1966 mudatuluka ndalama yaikulu ya masheleni asanu yokumbukira 6 July chaka chimenecho, tsiku limene dziko lidasanduka Ripabuliki, ndipo kobiri la Malaŵi lidatsatira mu 1967.

Kusintha kwakukulu kudadza mu 1971, pamene Reserve Bank of Malawi idatulutsa kwacha ndi tambala. Maina aŵiriŵa adachokera ku nthaŵi yomenyera ufulu, pamene mfuu ya pamisonkhano idali yakuti kwacha, ndipo tambala adali chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress. Kwacha imodzi idali masheleni 10, ndipo K2 idali paundi. Kuti anthu asasokonezeke, sheleni idasanduka 10 tambala ili ndi chimanga chake chomwecho, ndipo ya masheleni aŵiri idasanduka 20 tambala ili ndi njovu zake zomwezo. Pa 5 tambala, imene idaloŵa m'malo mwa sikisi, adaikapo mbalame ya m'madambo ya miyendo yaitali, mbale wake wa kakoŵa. Pa 2 tambala kambalame ka mchira wautali. Pa 1 tambala, tambala mwini wake. Amai aja adati kwa zaka zambiri anthu odzagula masitampa ankaŵerengabe m'maina akale, ndipo kalaliki ankayenera kusunga masamu aŵiri m'mutu mmodzi.

Mu 1986 mudaonjezedwa 50 tambala ndi K1 zachitsulo. Pambuyo pa chisankho cha zipani zambiri cha 1994, ndalama za 1995 ndi 1996 zidatuluka ndi nkhope ya Pulezidenti Bakili Muluzi. Tambala uja adachoka. Pa 1 tambala padabwera nsomba ziŵiri, ndipo pa K1 padatera nkhwazi. Patsogolo pake nkhope za atsogoleri zidachotsedwa, m'malo mwake mudaloŵa chizindikiro cha dziko. Za K5 ndi K10 zazikulu za zitsulo ziŵiri zili ndi chaka cha 2006, ndipo mu 2012 zidaloŵedwa m'malo ndi zing'onozing'ono zopepuka: K1 ya nkhwazi, K5 ya mbalame ya m'madambo ija, ndi K10 ya njovu.

Apa aphunzitsi adandanda ndalama zinai pamodzi: kobiri la padenga la 1957, ya masheleni aŵiri ya 1964, 20 tambala ya 1971 ndi K10 ya 2012. Pa zonse zinai padali njovu. Maboma asintha, nkhope zasintha, maina asintha, koma njovu zayenda nafe. Chimene sichidayende nafe ndi mphamvu yake ya ndalamayo. Amai aja adati masheleni aŵiri munthu ankapita nao kumsika n'kubwerako atasenza kanthu, pamene K10 singagule ngakhale bokosi la machesi. Mu 2022 idatuluka ndalama yapepala ya K5,000, ndipo ana ambiri amene ali ku pulaimale sadagwirepo tambala m'manja mwao. Ndalama zimene tikuzitaya pansi lero osaŵerama n'komwe kuti tizitole, adzukulu athu adzazifunafuna monga momwe aphunzitsi adafunira ya 1936 ija.

Kodi zimagulidwa zingati?

Ili ndi funso limene aliyense amafunsa akaona ndalama yakale, ndipo mnyamata uja nayenso adalifunsa. Adaulula kuti munthu wina adauza amalume ake kuti makobiri obooka ali ndi golide m'kati, kuti kunja kuli ogula amene amapereka mamiliyoni, koma kuti choyamba banja lipereke ndalama yoti makobiriwo akayezedwe. Akulu aja adayang'anana, pakuti nkhani imeneyi aimva kaŵirikaŵiri, ndipo akudziŵa anthu amene adagulitsa mbuzi chifukwa cha iyo.

Zoona zake ndi izi. Kobiri la Chitaganya ndi mkuŵa wosakaniza pang'ono ndi zitsulo zina ziŵiri, tini ndi zinki. Mulibe golide, mulibe mankhwala, mulibe mphamvu ina iliyonse yobisika. Makobiriwo adasulidwa mamiliyoni ambirimbiri, motero sasoŵa, ndipo osonkhanitsa a kunja amaŵagula pa mtengo wochepa. Mtengo wa ndalama yakale umadalira zinthu zitatu: kusoŵa kwake, kusungika kwake, ndi kuchuluka kwa anthu oifuna. Kukalamba kokha sikukwanira. Za siliva zili ndi mtengo wa siliva wake, ndipo zilipo zoŵerengeka za zaka zina zimene n'zosoŵadi, koma zimenezo munthu amazidziŵa pofunsa anthu angapo, mosathamanga, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo munthu aliyense amene akuti muyambe mwampatsa ndalama kuti akugulitsireni chinthu chanu chomwe, ameneyo ndi mbala.

Kasungidwe kake

Tisanabalalike, akulu aja adampatsa mnyamatayo malangizo amene ndikuŵapereka kwa achinyamata onse. Ndalama yakale musaikweche ndi phulusa, mchenga kapena mandimu, ngakhale ikhale yakuda chotani, chifukwa kukwecha kumafafaniza malemba ndipo kumatsitsa mtengo wake. Muziigwira m'mphepete, popeza thukuta la m'zala limasiya zipsera. Iliyonse muiike m'kaenvulopu kakekake kapepala, pamalo pouma, kuti zisamakhulane. Pakaenvulopupo lembani dziko, chaka, amene wakupatsani, ndi kumene iyeyo adaitenga. Zinthu ziŵiri zotsirizazi ndizo zofunika koposa. Ntchito imeneyi siifuna chuma. Yambani ndi K1, K5 ndi K10 zimene zili pakhomo, pemphani matambala kwa azakhali ndi amalume, ndipo zimene muli nazo ziŵiriziŵiri sinthanani ndi anzanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kwa inu makolo ndi agogo, pempho langa ndi lakuti musadikire kuti ana akufunseni. Tulutsani kachitini kaja kunsi kwa sutikesi, muitane ana ndi adzukulu, ndipo ngati athamangira kumpira, muŵaitanenso maŵa. Muŵauze kuti sheleni iyi ndiyo idatsala pa malipiro oyamba a atate anu, kuti kobiri ili adabwera nalo amalume anu pochokera ku Halale, kuti tiki iyi ndi imene mudaisunga kuti mukapereke kutchalitchi koma ndalama zidasintha musanapite nayo. Kwa inu anyamata ndi atsikana, tengani kope ndi cholembera, mukhale pansi, mufunse, ndipo mulembe maina a anthu ndi a malo monga momwe akuŵatchulira.

Pamene tinkatsazikana, mnyamata uja adafuna kupereka ndalama ya 1936 ija kwa aphunzitsi, poti adaona m'mene adaikondera. Aphunzitsi adaiyang'ana kanthaŵi, kenaka adaibweza m'kachitini nati, "Ai mwanawe, iyi ndi ya kwanu, ndipo sidamalize kulankhula." Adamfunsa ngati agogo ake adasiya m'bale aliyense wa msinkhu wao. Mnyamatayo adaganiza, nati alipo mng'ono wao amene akali moyo ku Ntcheu, ngakhale maso adachita mdima. Mkulu wa ku Joni adati maso alibe kanthu, ukangoŵaika kobirilo m'dzanja adzalizindikira ndi bowo lake. Aphunzitsi adaloŵa m'nyumba natulukamo ndi kope latsopano, namuuza kuti mwezi wamaŵa chatsopano chake chidzakhale zimene adzalembe m'menemo. Mnyamatayo adati sadikira holide, apita Loŵeruka likudzali.